Moni wa Mjeremani Pansi pa Phanga la Ayezi

Tinanyamuka ku Al Warqa m'mawa wa Lachiwiri, mwezi wa Julaye, nyengo imene Dubai amatentha ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinali nditamaliza kupakira masutikesi m'galimoto, thukuta lili kamukamu, pamene abwana anandiitanira pambali pa geti.

"Gedioni, kontilakiti yako ikutha Seputembala," anatero. "Madamu akufuna dalaivala wina. Ine ndawapempha kuti tikuonenso pa ulendo uno. Ukangokalipira mmodzi, kaya ndi mzungu, kaya ndi ng'ombe, khalas, zatha. Ukatsikira ku Chileka."

Ndine Gedioni Namakhwa wa ku Phalombe, ndipo ndimayendetsa galimoto pa banja lina la Aluya kuno. Za mtima wanga sindibisa, ndi wapachala. Mwezi wa m'mbuyo mwake mnyamata wina wa njinga yamoto yoperekera zakudya anandidula pa geti la sukulu, ana a abwana ali m'galimoto. Ndinatsika n'kumuuza mbiri yake m'Chingerezi, ndinapitiriza m'Chihindi chochepa chimene ndatola kuno, zotsalazo ndinamalizitsa m'Chilomwe. Mpaka lero ndimati wolakwa anali iyeyo. Koma Madamu anachita manyazi pamaso pa azimayi anzawo, ndiye nkhani inafika apa. Ine ndili ndi ana awiri ku sekondale, ndipo nyumba yanga ya ku Migowi idakali yopanda denga. Ku Chileka sikunali kotsikira chaka chino.

Pa ulendowu antchito tinali awiri, ine ndi Amake Dalitso, mayi wa ku Matero ku Lusaka amene amaphika pa nyumbapo. Tili pa mzere pa bwalo la ndege anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba Namakhwa, nikupasani masiku atatu. Pofika Lachisanu muzankhala mwatukwana kale munthu."

"Mayi, samalani miphika yanu," ndinatero chapansipansi. Ngakhale pamenepo ndinayamba ndayang'ana kaye kumene kunali Madamu.

Ndege inatitengera maola asanu ndi limodzi kukafika ku Munich, ku Jeremani. Chitseko cha pa bwalo chitatseguka, mpweya umene unandilandira unali wa kwathu, ngati wa m'mawa wa mu Juni m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ndinaima kaye n'kuupuma ngati munthu amene wapatsidwa madzi. Kenako tinatenga chigalimoto chachikulu chobwereka, ine pa chiwongolero, ulendo wa ku Austria.

Chiyeso choyamba chinandipeza tisanadutse n'komwe malire. Tinaima pa malo omwetsera mafuta, ine n'kuthamangira kuchimbudzi, ndipo ndinapeza kachitseko kachitsulo kofuna ndalama. Yuro imodzi, kuti nditaye madzi anga omwe. Ndinamva makutu akutentha. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti ndimufunse kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti, koma ndinangoona Amake Dalitso akutuluka mbali ya azimayi.

"Pumani, ba Namakhwa, pumani. Lero n'Lachiwiri chabe."

Ndinaponya yuroyo. Chilungamo chake, chimbudzicho chinali choyera kuposa chipinda chimene ndimagona.

Misewu ya kumeneko inandisokoneza pa chinthu chimodzi: palibe woliza hutala. Galimoto zimathamanga ngati zalumidwa, koma aliyense ali mu mzere wake, ndipo munthu akakupatsa mpata amakweza kadzanja. Ine amene ndinazolowera kuyendetsa dzanja limodzi lili pa hutala ndinasowa poliika. Tikuyandikira Austria mapiri anayamba kutuluka kutsogolo, ena kumbuyo kwa anzawo, nsonga zake zotuwa ngati mano. Udzu wobiriwira mpaka kuwawa m'maso. Pambuyo pa zaka zambiri zoona mchenga ndi magalasi a nyumba zosanja, ndinaiwala kuti dziko limatha kubiriwira popanda munthu woima ndi paipi.

Madzulo tinafika ku Zell am See, katauni kokhala m'mbali mwa nyanja yaing'ono yozingidwa ndi mapiri. Apa ndiye ndinaseka. Zikwangwani za m'malesitilanti zolembedwa m'Chiarabu, azimayi ovala zakuda akuyenda m'magulu, fungo la mafuta onunkhira a ku Dubai ponseponse. Ndinaona ngati Al Warqa yense wasamuka n'kungosiya makiyi kwa alonda. Abwana anakumana ndi msuweni wawo pa mphambano, ndipo sanadabwe n'komwe.

M'mawa mwake kunagwa chiperoni. Chiperoni chenicheni, chija chimatsika m'phiri n'kukunyowetsa osadziwa, chimene kwathu timachitukwana chifukwa chimanga sichiuma. Madamu, amene ku Dubai sayenda wapansi kuchokera pakhomo kukafika pa galimoto ngati sindinayatsiretu choziziritsa, anatuluka panja n'kuima mu mvula, manja m'mwamba, akuseka ngati mtsikana. M'mbali mwa nyanja monse munali Aluya akujambula mitambo. Ndinawauza Amake Dalitso kuti tikanadziwa tikanatsegula hotela ku Muloza n'kumagulitsa chiperoni pa ola. Chinanso, dzuwa la kumeneko silidziwa nthawi yoweruka. Naini koloko madzulo kudakali kowala, munthu umachita manyazi kukagona.

Lachinayi tinapita ku Kaprun, kumene amakukweza m'zikepe zolendewera pa chingwe mpaka pamwamba pa phiri la Kitzsteinhorn. Umasintha chikepe kangapo, mitengo imatha, udzu umatha, patsala miyala yokhayokha, kenako zonse mbuu. Chipale chofewa, chimene tinkangochiwerenga m'mabuku a Jogalafe ku sekondale, ndinachiponda ndi phazi langa mwezi wa Julaye. Chimalira pansi pa nsapato ngati ukuponda mchere. Ndinatapa m'manja, ndinanyambita pang'ono anthu atayang'ana kumbali. Sichikoma kanthu. Ndili mkati mofuna kuti Amake Dalitso andijambule bwinobwino, miyendo inangonyamuka yokha, ine pansi khuu, chagada. Mawu anafika pa lilime, athunthu, okonzeka. Ndinakweza maso n'kupeza abwana akundiyang'ana kuchokera pakhonde la lesitilanti, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinawameza mawuwo, ndipo anandipweteka pakhosi kuposa msana.

Lachisanu, tsiku limene Amake Dalitso analosera, tinalowera ku mathithi a Krimml. Titatsala pang'ono kufika tinapatuka kulowa kamsewu ka m'mudzi chifukwa Madamu ankafuna kujambula tinyumba tamatabwa ta maluwa m'mawindo. Pamenepo tinakumana ndi ng'ombe. Zonenepa, zofiirira, iliyonse ndi belu m'khosi ngati ya tchalitchi, zitadzaza msewu wonse popanda mbusa. Imodzi inabwera n'kuima pa windo langa, ikubzikula, ikundiyang'ana m'maso. Ndinadziwa kuti aliyense m'galimotomo akukumbukira mawu a abwana aja a pa geti. Ndinazimitsa injini, ndinapinda manja, ine ndi ng'ombeyo tinayang'anizana mpaka inatopa yokha.

"Mashallah," anatero abwana kumbuyo, moyamikira.

Mathithi a Krimml umawamva usanawaone. Madzi amagwa kuchokera kumwamba m'magawo atatu, oyera ngati mkaka, ndipo nthunzi yake imakunyowetsa uli patali. Ine ndinakula ndikunyadira Dziwe la Nkhalamba la ku Likhubula, ndipo sindisiya kulinyadira, koma pafupi ndi Krimml ndi mpopi wa kubafa. Ndinasiya banja lija pa benchi n'kutsikira pa mwala wa pafupi kwambiri ndi pamene madzi amamenya pansi. Phokoso lake, ngakhale utawombera mfuti palibe angamve. Ndiye ndinatsegula pakamwa. Ndinayamba ndi kachitseko ka kuchimbudzi kaja, ndinapita kwa chipale, kwa ng'ombe ndi mwini wake, ndinabwerera mpaka kwa mnyamata wa njinga uja ndi makolo ake. Madzi anameza zonse. Ndinakwera ndili wonyowa komanso wopepuka ngati wochokera ku chitsitsimutso.

"Naona pakamwa panu, ba Namakhwa," anatero Amake Dalitso. "Sembe ni pemphero, maso sembe munatseka."

"Mwamva chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye palibe mlandu."

Masana tinadya pa kalesitilanti ka pafupi. Ine ndinaitanitsa nsomba ya m'mitsinje yozizira, mtundu uja amaweta pa phiri la Zomba, yokazinga ndi mbatatesi, pafupifupi mayuro makumi awiri. Amake Dalitso anatenga chakudya chotchuka cha kumeneko, chitumbuwa chong'ambang'amba chowaza shuga, chodyera jamu wa maapozi. Chimaoneka ngati mandasi amene achita ngozi ya pamsewu, koma ndinamaliza theka la mbale yawo.

Tsiku lotsiriza tisanabwerere tinasungira phanga la ayezi la ku Werfen. Dzina lake ndi Eisriesenwelt, ndipo musandifunse katchulidwe. Kuchokera ku Zell am See ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono. Ukafika ku Werfen umaona nyumba yakale ya mafumu itakhala pamwamba pa chulu cha mwala, kenako msewu umayamba kukwera, wopapatiza, wokhotakhota ngati wa ku Golomoti koma wotsetsereka kuposa pamenepo. Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Pamwamba ndinapeza malo abwino, ndinaimika galimoto mowongoka pakati pa mizere, n'kutsika kukatsegulira Madamu chitseko.

Ndili pomwepo ndinamva phwaa.

Chigalimoto china choyera, cha mtundu uja chokhala ndi bedi ndi khitchini mkati, chinkabwerera chambuyo ndipo chinathyola galasi lathu la m'mbali. Linatsala likulendewera pa waya. Galimoto yobwereka, dalaivala wolembedwa ndine, tsiku lomaliza, nditapirira chimbudzi, chipale ndi ng'ombe. M'maso munada. Sindikukumbukira kuti chitseko cha Madamu ndinachisiya bwanji, ndimangokumbukira kuti ndinali kuyenda, zibakera zitakunga zokha. Kumbuyo ndinamva abwana akuti, "Gedioni," mwa mawu otsika, aja a munthu amene watsanzika kale. Amake Dalitso anali atagwira kumutu. Denga la ku Migowi ndinaliona likuuluka, ndipo sindinasamale.

M'chigalimotomo munatsika mzungu wachikulire, wamtali ngati mlongoti, ndevu zoyera, kabudula, masandasi ovalira sokosi. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Iye anakweza dzanja n'kunena modekha:

"Moni."

Ndi zimene makutu anga anamva, ndipo ndikhoza kulumbira. Inu a kwathu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu akakupatsa moni, ngakhale akhale uja munalimbirana naye malire a munda, umayamba wayankha. Ndewu imadikira. Pakamwa panga sipanafunse mutu.

"Zikomo bambo, muli bwanji?"

Ndinapezeka nditatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pa chigongono, mutu woweramitsa pang'ono. Zaka zonse ndakhala ku Dubai, anthu osandidziwa amandiitana dalaivala, bosi, habibi, ena amangoliza zala. Wondipatsa moni m'chinenero changa, pamsewu, asanandidziwe, anali asanapezeke. Ndiye ndinamupeza pa phiri la ku Austria, atangondithyolera galasi. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa azibambo aja anakhalapo ku mishoni kwathu, kapena anagwirako ntchito m'minda ya tiyi.

"Munakhalako kuti kwathu?" ndinapitiriza m'Chichewa, dzanja lake ndisanalisiye. "Ku Mulanje? Kapena ku Nguludi?"

Mkuluyo anangophethira. Anayang'ana mkazi wake amene anasuzumira pa windo, n'kundiyang'ananso ine. Ndipamene tinalowa m'Chingerezi, ndipo zinadziwika. Ku Africa sanapondeko. Kwawo ndi kumpoto kwa Jeremani, kufupi ndi nyanja yaikulu, ndipo kumeneko amalonjerana kuti "Moin", m'mawa, masana, usiku, mawu amodzi omwewo. Nditamuuza kuti kwathu timati moni, anaseka mpaka kugwira galimoto. Ine ndinafufuza mkwiyo uja m'chifuwa kuti ndipitirize pamene ndinasiyira, koma unali utapita. Munthu sungamufunse kuti wadzuka bwanji kenako n'kumutukwanira amayi ake.

Iye anavomera yekha kuti walakwa, anatulutsa mapepala a inshulansi, anaimbira eni galimoto m'chinenero chawo, nkhani inathera pomwepo. Galasi tinalimanga ndi tepi yochokera m'khitchini mwake.

"Dzina langa ndine Uwe," anatero. Polemba amalemba choncho, koma potchula amati Uve.

Amake Dalitso anatembenuka msangamsanga n'kuyamba kuyang'ana mapiri, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaona kuti tanthauzo la moni ndamuuza, la dzina lakelo likhale.

Madamu anandiyandikira, nkhope ili yodabwa. "Gedioni, munthu ameneyu umamudziwa?"

"Ayi Madamu. Ndi ulemu chabe."

Anayang'anizana ndi abwana. Tikuyamba kukwera, Amake Dalitso anandinong'oneza kuti, "Mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, imwe. Sembe mudala uja anakamba halo, manje muli mu selo."

Tikiti yolowera, pamodzi ndi chikepe, inali pafupifupi mayuro makumi anayi munthu mmodzi, ndipo analipira abwana. Umayenda kaye wapansi chokwera, umalowa m'chikepe chimene chimakwera molunjika khoma la mwala, kenako umayendanso m'kanjira kosemedwa m'mbali mwa phompho. Kutsogolo umaona chibowo chachikulu chakuda pakati pa phiri, ngati phirilo likuyasamula. Pakhomo mtsikana wotitsogolera anatigawira nyali za moto weniweni, chifukwa mkatimo mulibe magetsi, ndipo anachenjeza kuti kujambula n'koletsedwa. Madamu anaika foni m'chikwama ngati akuika maliro.

Atatsegula chitseko, chimphepo chozizira chinatuluka n'kutimenya kumaso. Nyali yanga inazima, chipewa cha abwana chinauluka. Panja anthu ali m'malaya a manja aafupi, mkati madzi aundana chaka chonse.

Sindine wolemba ndakatulo, ndiye ndingonena zimene ndinaona. Tinakwera masitepe amatabwa mazanamazana m'mbali mwa phiri la ayezi limene lili mkati mwa phiri la mwala. Pena ayeziyo waima ngati chipilala cha tchalitchi, pena walendewera kudenga ngati nsalu zoyanikidwa, pena waumbika ngati njovu yogwada. Mtsikana uja amati akafika pa malo ena n'kuyatsa kawaya kowala kwambiri kuseri kwa ayezi, khoma lonse limasanduka lobiriwira ngati botolo, mizere ya zaka ikuoneka mkati ngati ya mtengo wodulidwa. Kawayako kakazima, mdima wake ndi woti sunauonepo. Kunkangomveka madontho ndi kupuma kwa tonse, Aluya, azungu, ife.

Pakati pa masitepe bondo la a Uwe linayamba kuvuta. Mkazi wawo anali patsogolo ndi nyali, ndiye ndinawapatsa phewa langa, tinakwera limodzi pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti munthu akati moni umayankha chiyani. Ndinawaphunzitsa. Pofika pamwamba ankatha kunena "ndili bwino, kaya inu" momveka kuposa azungu ena amene akhala ku Blantyre zaka makumi awiri. Kumbuyo kwathu abwana ankapuma ngati mvukuto, koma anakana kubwerera.

Titatuluka, dzuwa linatilasa m'maso. Pansi penipeni panali chigwa chonse, mtsinje ngati ulusi, nyumba ya mafumu ija ngati kabokosi ka machesi, mapiri a chipale kutsidya. Ndinaima pamenepo zala zili gwa ndi kuzizira, mwana wa ku Phalombe, ndipo ndinadziuza kuti Gedioni, apa wafika ndi miyendo yako.

M'chikepe potsika abwana anaima pafupi nane. Sanandiyang'ane, ankayang'ana kunja.

"Madamu akuti wasintha."

"Inshallah, bwana."

"Tikafika undipatse pasipoti yako, tikonze za viza yatsopano."

"Shukran, bwana."

Ndinayankha mwaulemu, koma m'nsapato zala zinkavina. Pa malo oimika galimoto tinatsanzikana ndi a Uwe, ndipo anandipatsa botolo la jamu wopanga mkazi wawo. Ndinalidya sabata yonse osagawira munthu.

Tinatera ku Dubai masana a tsiku lotsatira. Chitseko chitatseguka, kutentha kunandikumbatira ngati m'bale amene sumukonda koma ndi wako. Anzanga a ku Al Quoz akhala akundifunsa kuti ku Ulaya ndinaphunzirako chiyani. Ndiwauza zoona: sindinasinthe. Mtima ndi womwewuja. Chimene ndinazindikira n'chakuti mwambo wa moni unalowa m'thupi mwanga mkwiyo usanalowe, ndipo pa awiriwa wamkulu ndi moni. Mathithi ndi phanga ndinaziona, n'zodabwitsa, pitani mukazione mukapeza mpata. Koma denga la ku Migowi likukhomedwa mwezi uno chifukwa cha mawu amodzi amene ndinamva molakwika.

Tikuchoka pa bwalo la ndege tsiku lomwelo, abwana ndi Madamu anakwera galimoto ya mchimwene wawo, ine ndinatenga ya katundu ndi Amake Dalitso. Tisanatuluke mu Al Garhoud, mnyamata wina wa galimoto yofiira anandidula popanda chizindikiro, pang'onong'ono kundichotsa bampala. Pa maloboti tinaima moyandikana. Ndinatsitsa windo, ndinatulutsa mutu, ndipo ndi mphamvu zonse za m'chifuwa ndinakuwa:

"Moni!"

Mnyamatayo anadzidzimuka, anakweza dzanja mopepesa, n'kukweza windo lake.

Amake Dalitso anapukusa mutu. "Ba Namakhwa, pa umoyo wanga wonse sininamvepo moni wotukwana so."

"Koma ndi moni," ndinatero, n'kuika giya.